Pamene Makina Aleka Kuyankhana

Munthu wobadwira ku Makhanga sachita kuuzidwa kuti madzi amene amatigwetsera nyumba kawirikawiri sakhala a mvula yogwa padenga pathu. Mtsinje wa Ruo umachokera kuphiri la Mulanje, nuyenda m'malire a dziko lino ndi Mozambique kufikira ukathira mu Shire pa Chiromo. Tsono kuno kwathu kumwamba kutha kukhala kopanda ndi kamtambo komwe, koma ngati kumapiriko yavumba usiku wonse, m'mawa mwake madzi amakhala ali pakhomo. M'mwezi wa Januwale chaka cha 2015 tidaziona ndi maso athu: Ruo adasiya khwawa lake lakale nadzikumbira lina, ndipo Makhanga adasanduka chilumba chofikako mabwato ndi ndege za helikopita zokha. M'dziko lonse anthu oposa 200,000 adasowa pogona. Pambuyo pake padabwera namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023.

Motero moyo wa m'chigwa chino uli ngati mpikisano wa liwiro pakati pa madzi ndi uthenga. Uthenga ukatsogola, mbuzi zimakwezedwa kumtunda ndipo ana amatuluka m'nyumba nthawi idakalipo. Madzi akatsogola, chotsala n'kuwerenga zotayika.

Akuluakulu amene adagwirapo ntchito panjanji amasimba za lamulo limene lidali losaphwanyika. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje, idafika ku Blantyre mu 1908, ndipo m'mbali mwake mudali mitengo yonyamula waya wa lamya. Mkulu wa pasiteshoni sankalola sitima kunyamuka asadamve kuchokera kusiteshoni yakutsogolo kuti njira ili bwino. Lamya ikangokhala chete, iye sankati, "Popeza sindidamve choipa, ndiye kuti kuli mtendere." Ankayamba wafufuza chimene chaletsa mawu kufika, ndipo pankapezeka anthu oyenda pansi motsata wayayo mpaka atapeza pamene waduka.

Masiku ano uthenga wambiri wa ntchito zazikulu umatumizidwa ndi makina, nulandiridwa ndi makina anzake. Nkhani yathu ya lero ikufunsa funso limodzi: makinawo akaleka kuyankhana, mmisiri ayambire pati?

Kapitawo wosagona tulo

M'mafakitale ndi m'nyumba zopopera madzi mumakhala kabokosi kotchedwa PLC. Ukulu wake ungafanane ndi njerwa imodzi kapena ziwiri, ndipo kamakhala m'kabati ya chitsulo pamodzi ndi mafyuzi ndi maswichi. Ntchito yake ili ngati ya kapitawo. Mbali imodzi kamalandira mawaya ochokera kuzipangizo zoyezera, monga choyezera kuya kwa madzi, kutentha kwa injini kapena mphamvu ya madzi m'paipi. Mbali inayo kamatulutsa malamulo: yatsa pampu, tseka chitseko cha ngalande, liza belu. Kamawerenga, kuganiza ndi kulamula kambirimbiri pasekondi imodzi, usana ndi usiku.

Kabokosika kadabadwira ku America. Mu 1968 kampani yopanga galimoto ya General Motors idapempha akatswiri kuti aipangire chipangizo cholowa m'malo mwa makabati aakulu odzaza maswichi oyendera maginito, amene ankafuna kumasula mawaya ambirimbiri nthawi iliyonse akasintha mtundu wa galimoto. Gulu la Dick Morley lidayankha pempholi ndi chipangizo chotchedwa Modicon 084. Kuyambira pamenepo, kusintha kagwiridwe ka makina kudasanduka nkhani yosintha malangizo olembedwa, osati kumasula mawaya.

Koma kapitawo amafunika kupereka lipoti kuofesi. Kuofesiko kumakhala kompyuta yokhala ndi pulogalamu imene akatswiri amaitcha SCADA. Iyo imafunsa ma PLC onse mosalekeza, nijambula pagalasi lake chithunzi cha ntchito yonse: pampu iyi ikuyenda, damu ili lafika apa, injini iyo yatentha. Munthu mmodzi atakhala pampando atha kuona ndi kulamula makina amene ali kutali ndi iye.

Zimenezi zili pafupi nafe. Fakitale ya shuga ya ku Nchalo idayamba kugaya nzimbe mu 1966, ndipo fakitale ya shuga iliyonse yamakono imadalira zipangizo zotere poyang'anira moto, nthunzi ndi madzi a nzimbe. Malo opangira magetsi a Kapichira, amene mphamvu yake ndi mamegawati 129.6, ali kumtunda kwa chigwa chathu chomwechi. Namondwe wa Ana atawononga damu lake mu Januwale 2022, dziko lonse lidavutika ndi kuzimazima kwa magetsi mpaka mu 2023. Pakati pa 2013 ndi 2018, thandizo la boma la America lodzera ku Millennium Challenge Corporation lidathandiza bungwe la ESCOM kukhala ndi malo ku Blantyre oyang'anirako mayendedwe a magetsi a dziko lonse kudzera pa SCADA. Ntchito ya Shire Valley Transformation Programme idakonzedwa kuti itenge madzi pa Kapichira ndi kuthirira mahekitala oposa 43,000 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Nawonso malo ena oyezera madzi m'mitsinje adaikidwa zipangizo zotumiza zokha kuya kwa madzi kudzera pa netiweki ya mafoni a m'manja. Ponseponsepo pali chipangizo choyeza, waya kapena mphepo yonyamula uthenga, ndi kompyuta yolandira. Ndipo ponseponsepo tsiku limafika pamene kompyuta imafunsa koma osayankhidwa.

Damu lodzaza pagalasi, matope pansi

Chaka china m'nyengo ya tchuthi adandipeza kunyumba mnyamata amene ndidamphunzitsa sayansi mpaka Folomu 4. Iye adapita kusukulu ya ntchito zamanja, ndipo panthawiyo ankathandiza mmisiri wa magetsi pamunda wina wothirira muno m'chigwa. Atapereka moni adati, "Aphunzitsi, ndabwera kudzabwereka mita yoyezera magetsi ija tinkagwiritsa ntchito m'kalasi. Yathu idagwa m'madzi, ndipo kuntchito zinthu zaima." Ndidaona kuti n'kwabwino ndipite nayo ndekha, ndikaonenso ntchito yake.

Pamundapo amapopa madzi kumtsinje kukathira m'damu, ndipo kuchokera m'damumo madzi amayenda okha m'ngalande. Ogwira ntchito muofesi ankayatsa mapampu akaona pagalasi la kompyuta kuti damu latsika. Itagwa mvula yamkuntho usiku wina, galasi lidapitiriza kusonyeza kuti madzi ali pa mamita 2.4, ndiye kuti damu n'lodzaza. Tsiku loyamba lidapita, lachiwiri lidapita, ndipo palibe adayatsa pampu. Mlonda wa kudamu, bambo wachikulire, adakanena kuti matope ayamba kuoneka, koma adauzidwa kuti kompyuta sinama. Pofika tsiku lachitatu ngalande zidauma, mbewu zanthete zidayamba kufota ndi dzuwa lathu lija, ndipo atayesa kuyatsa pampu kuchokera muofesi, pampu sidamve. Adachita kukaiyatsa ndi manja kumtsinje.

Pamenepo padagwa chipwirikiti. Wina adati kompyuta yagwidwa matenda, aichotse zonse aikemo zatsopano. Wina adati PLC yapsa ndi mphenzi, aitanitse ina. Winanso, osauza anzake, adakachotsa choyezera madzi cha kudamu naikapo chatsopano chimene chidali m'nyumba yosungira katundu. Zonsezi zisadathandize, padamveka zoti aitane katswiri ku Blantyre, ulendo wa mafuta ambiri ndi masiku angapo odikira.

Mnyamata uja adandisonyeza timalemba ting'onoting'ono pakona ya galasi, timene aliyense adatilumpha. Tinkanena tsiku ndi nthawi imene nambalayo idalandiridwa komaliza: usiku wa mvula uja. Kompyuta sidaname. Idangosunga mawu otsiriza amene idamva, monga mayi amene amasunga kalata yakale ya mwana wake wa ku Joni nanena kuti ali bwino, chonsecho papita zaka asadalembenso.

"Mmisiri wanga adandiphunzitsa mafunso asanu," adatero mnyamatayo, "ndipo adati ndiziyamba ndi la pansi penipeni, ndisalumphe ndi limodzi lomwe." Mafunso amenewa ndiwo ndikufuna kuwayala pano, pakuti amagwira ntchito pafakitale, pamalo opangira magetsi ndi pachoyezera madzi cha kumtsinje chimodzimodzi.

Kodi chili moyo?

Funso loyamba ndi la magetsi. Chipangizo chopanda magetsi sichingayankhe ngakhale pulogalamu itakhala yabwino chotani. Ma PLC ambiri amayendera mavoti 24, ndipo ali ndi timagetsi ting'onoting'ono tosonyeza ngati akulandira mphamvu, ngati akugwira ntchito, ndi ngati apeza vuto m'kati mwawo. Mmisiri amayamba wayang'ana timagetsito, kenaka n'kuyeza ndi mita, chifukwa kagetsi katha kuyaka pamene mphamvu ili yoperewera. Fyuzi yakupsa, swichi yogwa magetsi atazima, batire lotha, kapena sola yokutidwa ndi fumbi ndi zitosi za mbalame, zonsezi zimatontholetsa makina a ndalama zambiri. Choyezera madzi cha kumtsinje chimene chimadalira sola chimakhala pangozi makamaka m'masiku a mitambo ndi mvula yosalekeza, amene ali masiku omwewo amene timachifunitsitsa.

Ife tidakafika kunyumba ya mapampu ndi kupeza PLC ili moyo, mavoti ali okwanira. Koma kagetsi kosonyeza kulandira uthenga, kamene kamayenera kuphethira nthawi zonse, kadali zii. Apa tidadziwa zinthu ziwiri: kabokosiko sikadapse, ndipo mafunso a kuofesi sankafika.

Kodi njira ilipo?

Funso lachiwiri ndi la waya. Pamafakitale ndi m'minda yambiri amagwiritsa ntchito mtundu wa kulumikiza wotchedwa RS-485, umene ndi timawaya tiwiri topotana, kamodzi kotchedwa A kena B. Wayayu atha kuyenda mtunda wa mamita pafupifupi 1,200, ndipo zipangizo zimalumikizidwa motsatizana monga nyumba za m'mbali mwa msewu umodzi. Timawayato tikasinthanitsidwa pamalo amodzi okha, uthenga sumveka. Kumapeto onse awiri a mzerewo amaikako kachipangizo ka maohmu 120 koletsa uthenga kubwerera m'mbuyo, monga mawu amabwerera munthu akafuula kuphanga. Waya wa uthenga akagonekedwa pamodzi ndi chingwe chachikulu cha injini, mphamvu ya chingwecho imamusokoneza, ndipo vutolo limaoneka pokhapokha injini ikayaka. Mtundu wina, wa Ethernet, umene tidauzolowera m'maofesi, waya wake wa mkuwa sayenera kupitirira mamita 100 popanda chipangizo cholandira ndi kutumizanso uthengawo. Pa mitunda yaitali ndi malo a mphenzi, akatswiri amakonda waya wa galasi wonyamula kuwala, popeza galasi silinyamula magetsi.

Muno m'chigwa adani a waya ndi ambiri: makoswe, chiswe, nyerere, dzimbiri, kutentha, madzi osefukira, khasu la mlimi, ngakhalenso anthu akuba mkuwa. Palibe njira yachidule yowagonjetsera koma ya anthu a njanji aja, kuyenda pansi. Njira yanzeru ndiyo kugawa mtunda pakati: yeza pakatikati pa mzere, ngati uthenga ukufika pamenepo, vuto lili kutsogolo, ngati sukufika, lili kumbuyo. Ukatero kangapo, mtunda wautali umatsala mikono yowerengeka.

Ife tidapeza vuto m'kabokosi kolumikizira mawaya kamene kadali m'munsi mwa mtengo pafupi ndi ngalande. Madzi a mvula adalowamo, nyerere zidadzazamo dothi, ndipo nsonga za mawaya zidachita ndere zobiriwira. Mnyamata uja adadula zowolazo, napala mkuwa mpaka kuwala, namanganso, ndipo adakweza kabokosiko pamwamba. Pobwerera kuofesi tidapeza mapampu akuoneka pagalasi, ndipo ankamvera lamulo. Ntchito yonseyo idadya ola limodzi ndi kachidutswa ka waya. Koma nambala ya damu idali chikhalire.

Kodi akuyankhula chinenero chimodzi?

Funso lachitatu ndi la chinenero. Pamsika wa Makhanga Msena ndi Mmang'anja amamvana chifukwa makutu awo adazolowerana, ndipo wina akathamanga ndi mawu mnzake amamuuza kuti abwereze. Makina alibe ulemu wotere. Amafuna kuti chilichonse chigwirizane ndendende, ndipo chimodzi chikasiyana amangokhala duu.

Chinenero chofala kwambiri pakati pa zipangizozi ndi Modbus, chimene kampani ya Modicon idachitulutsa mu 1979. Zilipo zinanso, monga Profibus, koma Modbus ndi chosavuta kuchimvetsa. Mwambo wake uli ngati wa pabwalo la mfumu: pali mmodzi yekha wofunsa, ndipo ena onse amayankhula pokhapokha atchulidwa. Uthenga uliwonse umanyamula nambala ya woitanidwa, chimene akufunsidwa, ndi nambala ina kumapeto yotsimikizira kuti mawu sadawonongeke panjira. Chipangizo chikalandira uthenga wowonongeka, kapena wa mwini wina, sichidandaula. Chimangoutaya n'kukhala chete. Mwa ichi tiona kuti chete mmodzi yemweyo atha kukhala ndi zifukwa zambiri, ndipo n'chifukwa chake kulota n'kosathandiza.

Pawaya wa RS-485 zipangizo zonse ziyenera kugwirizana pa liwiro la kayankhulidwe, limene kawirikawiri limakhala 9600 kapena 19200, ndiponso pa kachitidwe kofufuzira zolakwa kotchedwa parity. Apa m'pamene padagona vuto lathu lachiwiri. Choyezera chatsopano chija, chimene munthu adaika mwa phuma, chidabwera ndi liwiro la kufakitale kumene chidapangidwa, losiyana ndi la pamundapo. Choyezera chakale chidalibe mlandu uliwonse. Wofuna kuchiza adawonjezera nthenda yachiwiri pamwamba pa yoyamba. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo lamulo la amisiri likuti: sintha chinthu chimodzi, ona chotsatira chake, lemba, kenaka upite pa china.

Kodi keyala ndi yolondola?

Titakonza liwiro padachitika chodabwitsa. Mapampu aja amene adali atabwerera adayamba kuoneka ndi kuzimirira, ndipo damu silidaonekebe. Ili ndilo funso lachinayi, la keyala. Pamzere wa Modbus chipangizo chilichonse chimapatsidwa nambala yakeyake kuyambira 1 mpaka 247. Zipangizo zambiri zimachoka kufakitale zili ndi nambala 1, ndipo pamundapo nambala 1 idali kale ya PLC ya kumapampu. Tsono kompyuta ikaitana 1, awiri ankayankha nthawi imodzi, mawu n'kuwombana. Mphunzitsi aliyense amene adakhalapo ndi ana awiri a dzina limodzi m'kalasi akudziwa chisokonezo chake poitana maina. Mnyamata uja adatsegula buku la pamalopo, napeza kuti choyezera cha kudamu chiyenera kukhala 4, ndipo atasintha, onse adayankha mwa dongosolo.

Pa Ethernet keyala imakhala ya zigawo zinayi, monga 192.168.1.10, ndipo chigawo chilichonse chimayambira 0 kulekeza 255. Pa netiweki zing'onozing'ono zambiri, zigawo zitatu zoyamba zili ngati dzina la mudzi ndipo chomaliza ndi nambala ya nyumba. Kompyuta ndi PLC zikakhala m'midzi yosiyana popanda chipangizo choziwolotsera uthenga, sizionana ngakhale zitakhala patebulo limodzi. Poyesa, mmisiri amalemba pakompyuta lamulo lakuti ping ndi keyala ya chipangizocho. Kapulogalamu kameneka kadalembedwa ndi Mike Muuss mu 1983, ndipo ntchito yake ili ngati kuodira pakhomo. Ukamva yankho, ndiye kuti magetsi, waya ndi keyala zili bwino, ndipo vuto lili kumtunda. Mwina ndi pulogalamu yolondera kompyuta, yotchedwa firewall, imene yatseka khomo; Modbus ikamayenda pa Ethernet imalowera khomo la nambala 502, ndipo khomolo likatsekedwa, kuodira kumayankhidwa koma nkhani yeniyeni silowa.

Kumene uthenga umayenda pa netiweki ya mafoni, monga pa zoyezera madzi za kumitsinje, pamawonjezeka zina zofunika kuziona. Kodi kakhadi ka foni kali m'chipangizomo kadakali ndi ndalama? Kodi nsanja ya mafoni ya m'deralo ili ndi magetsi? Kodi pulogalamu ikudikira yankho nthawi yokwanira? Yankho loyenda mumphepo limachedwa kuposa la pawaya, ndipo pulogalamu yosaleza mtima imalengeza maliro a chipangizo chamoyo.

Kodi tamva chimene chanenedwa?

Nambala ya damu itabwera, idali 85. Damu la mamita atatu silingakhale ndi madzi akuya mamita 85. Funso lachisanu ndi la tanthauzo. Zipangizo zambiri zimatumiza manambala athunthu opanda kadontho, ndipo pulogalamu ndiyo imayenera kudziwa kuti 85 akutanthauza masentimita, ndiye kuti mamita 0.85. Choyezera chakale chinkawerenga mwa njira ina, ndipo pulogalamu idali isadauzidwe za kusinthaku. Palinso msampha wina wodziwika bwino pa Modbus: m'kati mwa chipangizo muli timabokosi tosungira manambala, ndipo kabokosi kamene mabuku ambiri amakatcha 40001, pawaya kamaitanidwa ndi nambala 0. Wolemba pulogalamu akaphonya ndi kamodzi, amatenga nambala ya kabokosi koyandikana nako, ndipo mwina amawerenga kutentha kwa chipangizo namayesa kuya kwa madzi.

Vuto la mtundu umenewu ndi loopsa kuposa chete, pakuti galasi limaoneka lamoyo ndipo manambala amasintha. Mankhwala ake ndi amodzi okha: kupita pamalopo ndi kuyerekeza. Paja kandimverere adakanena za m'maluwa. Tidapita kudamu, ndipo mlonda uja adatiwerengera pamtengo wa mizere umene udazikidwa m'madzi. Mawu ake ndi a kompyuta adagwirizana. Iye adangoti, "Ana inu, ine ndidanena Lolemba," nabwerera pamthunzi pake.

Chete si mtendere

Onani tsono kuti pa zovuta zinayi zimene tidapeza, panalibe ndi chimodzi chomwe chofuna PLC yatsopano kapena kufufuta kompyuta. Koma cholakwa chachikulu chidachitika mavuto onsewa asadafufuzidwe, pamene anthu adaona nambala yosasintha masiku atatu naikhulupirira.

Akatswiri a makina adalidziwa kale tsoka limeneli, ndipo adalikonzera njira. Zoyezera zambiri zimatumiza muyeso wawo monga mphamvu ya magetsi yoyambira mamiliampu 4 kulekeza 20. Damu likauma, waya amanyamula 4. Likadzaza, amanyamula 20. Mungafunse kuti bwanji osayambira pa 0. Chifukwa china chachikulu n'chakuti 0 adamsiyira waya woduka. Potero PLC itha kusiyanitsa pakati pa "mulibe madzi" ndi "sindikumva kanthu", amene ali mawu awiri osiyana kotheratu. Njira ina ndi imene amaifanizira ndi kugunda kwa mtima: PLC imasintha nambala ina yake sekondi iliyonse, ndipo kompyuta ikaona kuti nambalayo yaima, imaliza belu ndi kudetsa manambala onse akale kuti munthu asawakhulupirire. Pamunda uja belu lotere lidalipo, koma wina adalitseka kalekale chifukwa linkasokosa.

Tsono taganizirani choyezera madzi chimene chili kumtunda kwa Ruo usiku wa namondwe. Chikakhala chete, mwina batire latha, mwina nsanja ya mafoni yagwa, koma mwinanso madzi achikokolola, ndipo madzi okhoza kuzula chitsulo chozikidwa mu simenti ali panjira kubwera kuno. Nthawi imene uthenga uli wofunika koposa ndiyo nthawi yomwe njira zake zimaduka. Chifukwa chake wolandira uthenga, kaya ali muofesi ya boma kaya ali m'komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, ayenera kufunsa mafunso awiri pa nambala iliyonse: ikuti chiyani, ndipo yafika liti? Ndipo makina asatichotsere munthu wa kumtunda wokhala ndi foni, mtengo wa mizere wa m'madzi, mluzu ndi ng'oma. Njira ziwiri zosadalirana ndizo zimapulumutsa.

Kwa aphunzitsi ndi kwa otsiriza sukulu

Anzanga aphunzitsi, mafunso asanuwa safuna chipinda cha zipangizo zodula. Batire, babu, swichi ndi waya wautali wokhala ndi polumikiza pangapo n'zokwanira. Bisani cholakwa pamalo amodzi, ndipo ana achipeze mwa kugawa mtunda pakati, akulemba chimene ayesa ndi chimene aona. Amene wapeza mwa mwayi asalandire malikisi ofanana ndi amene wapeza mwa dongosolo. Phunziro la Ohm limene timalemba pabolodi chaka ndi chaka ndi lomwelo limene lidatsegula kabokosi ka nyerere kaja.

Inu amene mwatsiriza Folomu 4, ntchito imeneyi khomo lake ndi maphunziro a zamagetsi. Alipo m'sukulu za ntchito zamanja zimene bungwe la TEVETA limayang'anira, monga ya Soche, ndiponso pa sukulu ya ukachenjede ya MUBAS ku Blantyre, imene mpaka 2021 inkatchedwa Polytechnic. Samalani masamu, sayansi ndi Chingerezi, popeza mabuku a zipangizozi amalembedwa m'chinenero chimenecho, ndipo mmisiri wosawerenga buku amangolota. Dziwaninso kuti m'makabati amenewa mumadutsa magetsi akupha. Wophunzira satsegula kabati popanda mmisiri wake, ndipo asadakhudze makina amazimitsa, kukhoma loko pa swichi ndi kudziwitsa anzake, chifukwa pampu yolamulidwa kuchokera kutali itha kuyaka yokha dzanja lili m'kati. Musalowetse m'kompyuta ya makina kachipangizo kosungira nyimbo ndi zithunzi kochokera kunyumba. Mu 2010 kudadziwika pulogalamu yoipa yotchedwa Stuxnet, imene idawononga makina ku Iran mwa kusokoneza ma PLC, uku ikusonyeza oyang'anira kuti zonse zili bwino.

Chida chomaliza ndi kope. Chimene chidatipulumutsa pa nkhani ya keyala chidali buku lakale la chikuto chothimbirira, m'mene mmisiri wina, amene adachoka pamalopo kale, adalembamo nambala ya chipangizo chilichonse, liwiro lake ndi njira ya waya wake. Madzulo a tsikulo mnyamata uja adakhala pansi nalembamo tsiku, zimene zidawonongeka, zimene adasintha, ndi kuti belu lija walitsegulanso. Atatha adandibwezera mita ija, ndipo ndidaibweretsa kusukulu kuti ana a Folomu 3 adzayambe nayo teremu ikatsegulidwa.